Nkhope ya Felizarda pa Msika wa Milange

Felizarda anayamba kukayika atangopitirira pogulitsira makala. Amayi amene ankamulonjera tsiku ndi tsiku anangomuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenaka n'kumakodolana. Amuna onyamula katundu wa kumalire, amene anali atatsamira njinga zawo, anayamba kuimba malikhweru. Mtsikanayo anadziyang'ana ngati kapulana wake, chitenje chimene anavala, wang'ambika kumbuyo, koma anali bwinobwino.

Pansi pa mtengo wa mango wa pakati pa msika panali khamu. Atayandikira, anthu anamupatukira okha ngati mmene amachitira pofika namfedwa.

Panthambi panamangidwa chinsalu chachikulu cha masaka anayi a ufa wa chithandizo osokedwa pamodzi. Pamwamba pake panali mawu a utoto wofiira: LERO NDI MAWA KWA PAULINO! KANEMA WA CHIMWENYE, NYIMBO ZISANU NDI ZIWIRI, MISOZI NDI MAGULE! PAMBUYO PAKE WANTHABWALA, MUBWERE MUTAMANGA NTHITI! Pansi pa mawuwo panali mkazi akuvina, manja m'mwamba, zibangili mpaka m'zigongono, mimba yonse pamtunda, mchombo poyera.

Nkhope ya mkaziyo inali ya Felizarda. Sikunali kufanana chabe ayi. Kampata ka pakati pa mano kanalipo. Chipsera cha pamwamba pa diso lakumanzere, chimene anachipeza atagwera pamwala powoloka mtsinje wa Muloza chaka chothawa nkhondo, chinaliponso.

Dengu la tomato linatsetsereka pamutu pake n'kugwa, iye osamva n'komwe. Mayi wina wachifundo ndi amene anamutolera tomatoyo n'kumunong'oneza kuti azipita kwawo anthu asanawonjezere zonena.

* * *

M'Milange monse munali munthu mmodzi yekha wodziwa kujambula nkhope mpaka kuoneka ngati ikupuma. Munthuyo anali Olímpio, chibwenzi chake.

Chinali chaka cha 1991. Nkhondo inali isanathe, koma anthu amene anathawira ku Malawi anali atayamba kubwerera mmodzimmodzi kudzafolera nyumba zawo zopanda zitseko. Bambo Paulino, wamalonda wa kumalire, anabwera ndi wailesi ya kanema, jenereta ndi makaseti, n'kuziika m'nyumba yakale yosungiramo tiyi. Ankaonetsa masana okha, mazenera atatchingidwa ndi mabulangete, poti dzuwa likapendeka aliyense ankafuna akhale ali pakhomo pake. Olímpio ndiye ankajambula zinsalu zoitanira anthu ndi kuzungulira tauni panjinga akuliza belu. Kanema akayamba, ankaimirira pambali ndi chitini chobooka pakamwa n'kumamasulira. Chimwenye sankachidziwa ngakhale liwu limodzi. Ankangowerenga nkhope za osewera n'kuwapatsa mawu a Chinyanja, apa ndi apo Chilomwe, ndipo aliyense wooneka wolemera ankamuyankhulitsa Chipwitikizi.

Anadziwana miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo. Tsiku limenelo m'kanema munali nyimbo ya ukwati, ng'oma zikusweka, anthu m'nyumbamo akuwomba m'manja, koma Felizarda yekha ankapukuta misozi. Potuluka Olímpio anamufunsa chimene chinamuliza pa nyimbo yachisangalalo chotero. Iye anayankha kuti mapazi a mkwatibwi uja ankavinadi, koma maso ake sanachoke pakhomo, ndipo munthu amene ankamudikira sanalowe. Olímpio anavomera kuti kanemayo anamuonera kakhumi ndi kamodzi koma zimenezo anali asanazione. Mawa lake anasintha mawu onse a nyimboyo, ndipo amayi theka anatuluka akulira.

Kuyambira pamenepo ankakumana pampopi wa kumishoni n'kumatsutsana za osewera, uyu amadziwa kulira, uyu amangofinya nkhope, uyu akavina ngakhale zala zake zimayankhula. Chikondi chinalowa pakati pa mikanganoyo iwo osachiona.

Tsono Olímpio yemweyo ndi amene anamuimika maliseche pakati pa msika?

* * *

Nkhani inamutsogolera kunyumba. Anapeza amayi ake, Mayi Delfina, atakhala pakhonde manja ali m'masaya, ndipo malume ake, a Florentino, akunola chikwanje pamwala.

A Florentino anali katekisita, ndipo ndiwo ankalera banjali chimwalirire bambo ake a Felizarda. Za Olímpio anali atazikana kale kawiri. Ankati munthu wopanda munda, wodya za pakamwa, amene ntchito yake n'kunamizira Amwenye mawu amene sananene, sangasunge mwana wa mlongo wawo. M'nyumba ya kanema anali asanapondemo, ndipo ankaitcha phanga.

Sanakweze mawu. Anapitiriza kunola, maso ali pa chikwanje.

"Mphwanga, ndikufunsa kamodzi kokha. Kuti ajambule mimba ija, unamuvulira?"

Felizarda anagwada pomwepo n'kulumbira pa manda a bambo ake kuti Olímpio sanaonepo ngakhale bondo lake. Mayi Delfina anayamba kulira, akuti akakhala bwanji pakati pa amayi anzawo a gulu la mpingo la Legio tsiku Lamulungu. A Florentino anati kukhulupirira akumukhulupirira, koma tauni sigwada pamanda pofuna kunena za munthu. Analamula kuti Felizarda asaimbenso kwaya, ndipo Lolemba awoloke malire akakhale kwa azakhali ake ku Mulanje mpaka anthu ataiwala. Chinsalucho akachitsitsa okha akangomaliza kuphunzitsa ana a ubatizo.

A Florentino atangotuluka kupita kumishoni, Felizarda anadzambatuka. Amayi ake anamuitana, iye osacheuka.

* * *

Pakhomo pa nyumba ya kanema panali anthu ochuluka kuposa masiku onse, ena akusuzumira m'ming'alu ya khoma. Wogulitsa matikiti anali Fernanda, mwana wa mchemwali wa Bambo Paulino, amene aliyense ankadziwa kuti anamusirira Olímpio kalekale. Ataona Felizarda anamwetulira ngati waona mlendo wolemekezeka.

Anamuyamikira kuti lero watchuka kuposa mkazi wa m'kanemayo, ndipo anati akhoza kulowa ulere poti ndiye waitana anthu. Kenaka anatsitsa mawu ngati wachisoni. Anati asadabwe, Olímpio ndi mmene alili. Kwa iye nkhope ndi nyambo basi, amajambula iliyonse imene ingakoke anthu, ndipo Olímpio mwiniyo anaseka kwambiri pomanga chinsalucho.

M'katimo kanema wa nyimbo anali kumapeto. Felizarda ankamva mawu a Olímpio kudzera m'chitini chija, ofewa, akulonjeza m'malo mwa mnyamata wa m'kanema kuti sadzachititsa manyazi wokondedwa wake ngakhale dziko litatembenuka. Amayi m'nyumbamo anabuula mokhutira. Mawu amenewo ndi amene anamupweteka kuposa chinsalu.

Felizarda anapempha tikiti ndi pensulo. Kuseri kwake analemba kuti: *A Olímpio, nkhope yanga mwagulitsa kale. Mtima wokha ndautenga, ndikupita nawo ku Mulanje.* Chiyambire chibwenzi anali asanamutchulepo kuti "a Olímpio". Fernanda anawerenga, maso ake n'kuwala, ndipo sanadikire kuti kanema athe. Analowa nayo yekha.

Mawu a m'chitini anadukira pakati pa liwu. Anthu anayamba kung'ung'udza. Bulangete la pakhomo linakankhidwa, Olímpio n'kutulukira, fumbi la ulendo likadali m'tsitsi, tikiti ili m'manja.

"Felizarda, ndagulitsa chiyani?"

"Mukufunsa ine? Kafunseni mtengo wa mango."

Olímpio anaoneka kuti sakumvetsa chilichonse. Anafotokoza mwachibwibwi kuti wakhala masiku atatu kumalire ku Muloza kudikira makaseti ena ochokera ku Limbe, ndipo wafika kanema atatsala pang'ono kuyamba, kudzera njira ya kuseri kwa minda ya tiyi. Kumsika sanafikeko. Felizarda anangotembenuka n'kuyamba kuyenda, iye akutsatira.

* * *

Atafika pansi pa mtengo paja, Olímpio anaima ngati wamenyedwa ndi mphenzi. Anayang'ana chinsalucho nthawi yaitali, kukamwa kuli yasa, kenaka anakhala pansi pafumbi pamaso pa anthu onse.

"Nkhopeyo ndi dzanja langa," anatero motsitsa. "Thupilo ayi."

Anamuuza kuti ayang'ane mikono, yowuma ngati mipini ya makasu, ndi khosi lokhota polumikizira. Umenewo unali utoto wa Mário, wolemba zikwangwani za magolosale. Iye Olímpio anajambula nkhope yokha pa saka limodzi, pang'onopang'ono kwa miyezi iwiri, n'kuibisa pansi pa mphasa m'kachipinda kosungira makaseti. Ankafuna adzamupatse tsiku limene malume ake adzavomere.

Felizarda anayandikira. Saka la nkhope linali lochapidwa bwino, lofewa. Atatu enawo anali atsopano, ufa ukadali m'makona, osokedwa mothamanga ndi ulusi wobiriwira. Ulusi umenewo anali atangouona pakhomo pa nyumba ya kanema, utamanga mpukutu wa matikiti m'manja mwa Fernanda.

Mtima wake unatsika, koma sunafike pansi.

"Ngakhale zili choncho, unandijambula osandipempha. Chipsera ichi ndimachibisa ndi duku, iwe wachionetsa tauni yonse."

Olímpio anavomera kuti analakwa. Anati anayesa kuijambula popanda chipseracho, koma inkatuluka nkhope ya munthu wina amene iye samudziwa.

Felizarda asanayankhe, khamu linagawikanso. A Florentino anafika ndi chikwanje chawo. Sanayang'ane aliyense. Anadula zingwe ziwiri, chinsalu chinagwa, anachipinda mkati kunja n'kuchikolera m'khwapa. Kenaka anauza Olímpio kuti adzuke awatsogolere kwa bwana wake. Anthu a pamsika anasiya malonda n'kulondola, ena akunong'ona kuti lero kuphanga kugwa mutu wa munthu.

* * *

Bambo Paulino atamva kuti katekisita akubwera ndi chikwanje, anakabisala kuseri kwa jenereta. A Florentino anaganiza kuti ali m'kati, choncho anakankha bulangete n'kulowa. Felizarda anawatsatira.

M'katimo munali mdima ndi fungo la thukuta. Kanema wanthabwala anali atayamba popanda womasulira, ndipo anthu ataona Olímpio pakhomo anamukokera kutsogolo n'kumukankhira chitini m'manja. A Florentino anaima kumbuyo kudikira kuti maso azolowere mdima, awone kumene Paulino wakhala. Koma chowala m'nyumba monsemo chinali chimodzi chokha, ndipo maso awo anapita komweko.

Pakanemapo panali kamunthu kowonda, kovala jekete la munthu wonenepa. Kanagula bakha pamsika, ndipo mvula itayamba kanathawira m'nyumba ina osadziwa kuti muli msonkhano wa akuluakulu. Kanabisa bakhayo m'jekete n'kukhala pampando wakutsogolo. Mkulu wa msonkhano akangotsegula pakamwa, bakha ankalira. Kamunthuko kankakhosomola kuti aziganiza kuti ndi iko, nkhope ili gwa, kosamwetulira ngakhale pang'ono, kenaka n'kutembenuka kuyang'ana mayi wa pambali pake mwaukali ngati walira ndi iyeyo.

Olímpio anayamba ndi mawu onjenjemera, akuyang'ana chikwanje kumbuyo. Koma ntchito inamugwira. Mkulu uja anamupatsa Chipwitikizi cha pa ofesi, chodzaza ndi mawu aatali opanda mutu, ndipo bakha anamupatsa Chilomwe, akufunsa kuti kodi msonkhanowu muli gaga. Pamene mutu wa bakha unatulukira pakhosi pa jekete, kamunthu kaja n'kuuveka chipewa chake n'kuupatsa moni ngati mlendo wochedwa, nyumba yonse inagwa ndi chiseko.

Pakati pa phokosolo Felizarda anamva mawu achilendo pambali pake, ngati chitseko cha dzimbiri chikutseguka. Anacheuka. Malume ake ankaseka. Anayesa kudzigwira pakamwa, koma chiseko chinatulukira m'mphuno. Chikwanje chinagwa pansi. Anakhala pa benchi mapewa akugwedezeka, misozi ikutsika mpaka m'ndevu.

Felizarda anachita mantha kuposa mmene anachitira pamsika. Chiikire bambo ake m'manda zaka zisanu zapitazo, anali asanaonepo mano a malume ake. Anthu oyandikana nawo anasiya kuonera kanema n'kumaonera katekisita. Ndipo pamene chiseko chinatha, misozi yokha sinaleke. A Florentino anakhala choweramira mpaka kanema anatha, dzanja limodzi litagwira mkono wa mphwawo.

* * *

Panja dzuwa linali likadali pamwamba pa phiri la Tumbine. A Florentino anapukuta nkhope ndi mpango n'kubwezeretsa ukali wawo, ngakhale sunakhale bwino ngati kale. Bambo Paulino anatuluka kuseri kwa jenereta akupepesa. Anati kaseti ya kanemayo inabwera kale yopanda chikuto, analibe chithunzi chokopera, ndipo Fernanda ndi amene anabwera ndi nkhopeyo n'kunena kuti mwiniwake wavomera. Anawonjezera kuti nkhope yakwathu imaitana anthu kuposa yachilendo, koma ataona diso la katekisita anameza mawu otsalawo. Fernanda anali atazemba kale, mpukutu wa matikiti uli pampando.

A Florentino anatambasula chinsalu, anadula ulusi wobiriwira uja, n'kupereka saka la nkhope kwa Felizarda. Atatu enawo anauza Paulino kuti awawotche iwo akuona, ndipo mawa Olímpio azungulire tauni ndi belu lake kulengeza amene anachita zimenezi ndi amene sanachite.

Kenaka anayang'ana mnyamatayo kwa nthawi.

"Kamunthu kaja sikaseka ayi. N'chifukwa chake ife tikuseka."

"Ndi momwemo, bambo," anayankha Olímpio, manja ali kumbuyo.

"Za bakha zija anayankhuladi, kapena ndi bodza lako?"

"Ndi bodza langa, bambo."

A Florentino anagwedeza mutu. Anati bodza ndi tchimo, ndipo munda ndi munda, zimenezo sizinasinthe. Koma ngati ali ndi wachibale aliyense wamoyo amene angakhale nkhoswe, amutumize Loweruka. Sanavomere, anatsindika, angoti abwere amve. Za ku Mulanje zidikire.

Felizarda anakumbatira saka lija pachifuwa, osakhulupirira makutu ake. Anayang'ana Olímpio, Olímpio anayang'ana pansi akumwetulira.

"Feliza."

Mawuwo anachokera kumbuyo, otsika, osasa. Felizarda anawazindikira asanacheuke n'komwe. Padziko lonse munthu mmodzi yekha ndi amene ankamuitana choncho, ndipo Misa ya maliro a munthuyo inachitika kale.

Pafupi ndi khoma panaima mwamuna wowonda ngati bango, wovala chiguduli cha saka, mapazi otupa okulungidwa m'makungwa. Tsitsi linali lofiirira ndi njala, koma maso anali omwewo. Anali Silvestre wa ku Molumbo, amene anamutomera ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ukwati wawo unalengezedwa m'tchalitchi Malamulungu awiri mwa atatu ofunika ukwati usanadalitsidwe. Sabata yachitatu isanakwane, anthu a mfuti anamugwira pamsewu akuchokera kukatenga makolo ake, n'kumusenzetsa katundu kulowa naye kutchire. Patapita chaka kunabwera munthu amene analumbira kuti anaona mtembo wake. Felizarda anavala zakuda, anazivula, ndipo dzinalo sanalitchulenso kwa wina aliyense, ngakhale kwa Olímpio.

Silvestre anayankhula pang'onopang'ono ngati munthu amene waiwala kucheza. Anati anathawa mwezi wathawu, wayenda m'tchire mpaka m'mawa uno. Nyumba yakale anaipeza bwinja, ndipo anaganiza kuti onse anatha. Atakhala pamsika kuti apume, anakweza maso n'kuona nkhope yake pamtengo. Wakhala akufunsa njira kuyambira pamenepo.

"Zaka zisanu ndakhala ndikunena kuti ndisafe, pali munthu akundidikira."

Utsi wa masaka aja unkakwera pakati pawo. A Florentino anachita chizindikiro cha mtanda. Olímpio anayang'ana mlendoyo, anayang'ana Felizarda, kumwetulira kuja kukuzima pang'onopang'ono.

"Felizarda, bambowa ndani?"

Anayankha ndi a Florentino, maso ali pansi.

"Uyu ndi mwamuna amene ndinamulengeza ndi pakamwa panga kawiri pamaso pa mpingo. Kunatsala kachitatu."